Malire a Ndevu za Alamu Anga

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga maso asanatheretu. Ndavomera, poti masiku ano nthawi ndili nayo yambiri kuposa mphamvu. Za ubwana wanga sindinenapo, chifukwa sizisiyana ndi za mwana aliyense wa kwa Kaomba amene anakulira m'nazale ya fodya n'kulekezera sukulu panjira. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya za thukuta langa.

M'ma 1980: Lisasadzi

Ntchito yanga yoyamba sinali yometa. Amene anandilemba anali Che Saidi, Msilamu wa ku Mangochi yemwe anali ndi golosale ku Lisasadzi, ndipo udindo wanga unali kutsitsa matumba a mchere ndi shuga, kusesa, ndi kuthira palafini m'mabotolo a anthu. Atate anga, amene anali mkulu wa mpingo, poyamba sanakondwe nazo. Anapita okha kukawaona Che Saidi, ndipo anabwerako atamwetsedwa tiyi, atalonjezedwanso kuti Lamulungu lililonse ndizimasulidwa kupita kutchalitchi. Lonjezo limenelo silinaphwanyidwepo, ngakhale m'nyengo ya malonda a fodya pamene golosale inkadzaza mpaka pakhonde.

Pakhonde pomwepo, mbali ya kumthunzi, panali mpando wamatabwa ndi galasi lopachika pa msomali. Lachinayi masana Che Saidi ankasiyira akazi awo golosale n'kuyamba kumeta anzawo a kumzikiti, kuti Lachisanu akapemphere ali aukhondo. Sankameta pofuna phindu, ntchitoyi ankangoikonda. Ambiri mwa azibambo amenewo ankameta mpala koma ndevu ankasunga, ndipo ine ndinkaima ndi tsache m'manja n'kumayang'ana mmene lumo linkayendera pamutu ngati khasu pa nthaka ya m'dimba. Tsiku lina Che Saidi anavula mzuli wawo, anakhala okha pampando paja, n'kundipatsa lumo.

"Wayang'ana mokwanira, Mwale. Yamba ndi mutu wanga. Ukandicheka ine, mlandu uthera pompano."

Mutu ndinaumaliza popanda magazi. Nditafika pafupi ndi khutu, ndinaima. Pamenepo tsitsi ndi ndevu zinali zitagwirana, ndipo sindinaone pamene china chikuthera kuti chinzake chiyambe.

"Waimiranji?"

"Sindikudziwa polekezera, Che Saidi."

"Ndevu zimayambira pati?"

"Pamene tsitsi lathera."

"Nanga tsitsilo ukalichotsa lonse, lathera pati?"

Anthu amene ankadikira pabenchi anaseka. Che Saidi sanaseke. Anagwira chala changa n'kuchiika pa malo atatu: polingana ndi pamwamba pa khutu, polingana ndi kanyama kaja kamene kamatchinga bowo la khutu, ndi polingana ndi kumunsi kwa khutu. Anati munthu wa tsitsi savuta, chifukwa ndevu zake zimakalowa m'tsitsi ngati mtsinje m'dambo, koma wa mpala ndevu zake zimafuna malire, ndipo woika malirewo ndi wometa. Wa nkhope yozungulira umamukwezera, kuti nkhope ioneke yotalikirako. Wa nkhope yaitali umamutsitsira, apo ayi aoneka ngati munsi. Ukatsitsa mopyola, mpaka kumunsi kwa khutu, ndevu zimaoneka ngati zochita kumangirira ndi chingwe pachibwano. Ndipo nthawi zonse umayambira pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono, chifukwa chimene lumo lachotsa sichibwerera tsiku lomwelo.

Ndinakhala nawo mpaka ndevu zanga zomwe zinakhwima. Sanali bwana wokalipa. Ukalakwitsa ankangotenga lumo m'manja mwako mwakachetechete, kukonza, n'kukubwezera, ndipo manyazi ake ankaposa a kukalipiridwa. Sopo akasowa, zomwe zinkachitika kawirikawiri m'dzinja msewu ukavuta, tinkanyowetsa ndevu ndi madzi ofunda okha n'kudikira kuti zifewe. M'kupita kwa nthawi alimi a kumpingo kwathu nawonso anayamba kubwera pakhonde paja, ndipo Lachinayi benchi inkakhala yosakanikirana, mizuli ndi zipewa zamlaza, onse akukangana za mvula ndi za fodya.

M'ma 1990: Ku boma la Kasungu

Che Saidi ndiwo anandiuza kuti ndichoke. Anati pakhonde pawo ndaphunzira zonse zomwe zinalipo, ndipo anandilumikiza ndi a Jere, amene anali ndi malo ometera pafupi ndi msika wa ku boma. Kumeneko ndi kumene ndinagwira koyamba makina a magetsi. A Jere anali munthu wamfupi, wachangu, wosapsa mtima koma wosapuma pakamwa. M'miyezi ya okushoni alimi ndi matenanti a m'maesiteti ankabwera ndi tsitsi la chaka chonse, lonunkha utsi ndi chikonga, ndipo mzere unkafika pamsewu. Ine ndinkachedwa pa ndevu, kuyang'ana uku, kubwerera m'mbuyo, kuyang'ananso, ndipo a Jere ankandidzudzula anthu akumva: "Mwale, mutu wa munthu si munda woti ulime tsiku lonse." Koma ndinaona kuti akalowa munthu wa mpala ndi ndevu, iwo ankapezeka atatanganidwa ndi kupukuta makina mpaka munthuyo atakhala pampando wanga.

Zaka zimenezo n'zomwe matenda aja a Edzi anafika pakati pathu. Anthu anayamba kuopa lumo lomwe lameta mnzawo, ndipo tinasiya lumo lonola pa lamba n'kuyamba malezala, aliyense lakelake. Malezalawo ankasowa. Nthawi zina msika wonse unkakhala wopanda ngakhale paketi imodzi, ndipo tinkathyola lezala pakati kuti likwanire anthu awiri, kuthyola kwake mwini mutu akuona. Sipiliti wotsukira zida akatha tinkawiritsa zipeso ndi mano a makina m'chitini pa mbaula. A Jere, amene ndinkawayesa okonda changu basi, ndiwo anayamba kundituma kumakomo kwa makasitomala athu amene sankathanso kuyenda. "Pita ukamumete," ankatero. "Munthu asamaoneke wotayidwa akadali moyo." Ndinameta azibambo ambiri atakhala pamphasa, atatsamira khoma. Ena anali oti sanasungepo ndevu chibadwire, koma tsopano ankapempha kuti ndizisiye chifukwa masaya anali atalowa mkati. Ndimakumbukira kalaliki wina wa pa esiteti amene anandinong'oneza kuti, "Mundisiyire izi, ana anga asamaone mafupa." Ndinamukwezera ndevu mpaka pamwamba pa khutu, osazidula kwambiri m'masaya, ndipo atadziona anapempha akazi ake kuti amutulutsire mpando pabwalo. Kumeneko ndinamvetsa kuti si onse osunga ndevu amene amatero chifukwa cha chipembedzo kapena kufuna kutchena.

Ku boma komweko ndinakumananso ndi amayi anu, amene ankasoka pa khonde loyandikana nafe. Koma nkhani imeneyo amaifotokoza bwino ndi eni ake, ndipo amaifotokoza mosiyana ndi ine.

Kuyambira m'ma 2000: Mtunthama

A Jere atakalamba n'kubwerera kwawo, ine ndi amayi anu tinasamukira ku Mtunthama, kumene ndinachita lendi kachipinda pakati pa butchala ndi malo okonzera njinga. Kwa nthawi yoyamba bwana ndinali ine mwini, ndipo ndinapeza kuti ndi bwana wovuta kuposa awiri aja. Makasitomala anali amitundumitundu: alonda, ophika ndi aphunzitsi a kusukulu yaikulu ya m'deralo, alimi a m'midzi yozungulira, ndi amalonda achisilamu amene anamva kuti kwabwera wometa wophunzitsidwa ndi mnzawo. Vuto la kumeneko linali magetsi. Ankathima popanda kutsanzika, ndipo kangapo konse munthu anatsala ndi mutu wometa mbali imodzi. Mlonda wina anakhala pabenchi yanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka atafunda thaulo kumutu, akukana kuti ndimalize ndi sizasi, ati sizasi ndi ya ana a sukulu. Ndinagula batire ya galimoto, kenako sola, ndipo mavutowo anachepa.

Patapita zaka, mpala ndi ndevu zinasiya kukhala za akuluakulu a kumzikiti okha. Achinyamata anayamba kubwera ndi zithunzi pafoni: mutu wonyezimira, ndevu zodzadza, ndipo pafupi ndi khutu palibe mzere wolunjika monga ndinazolowera, koma ndevu zikuchepa pang'onopang'ono mpaka kuzimirira pakhungu ngati utsi. Poyamba ndinkakana, ndinkati imeneyo ndi ntchito yosamaliza. Iwe Gelesomu mwana wanga, ndiwe unandikhazika pansi utabwera kutchuthi, n'kundionetsa pafoni mmene amasinthira mano a makina, aakulu m'munsi, aang'ono m'mwamba. Ndinayeserera pa ndevu zako zochepazo mpaka dzanja linazolowera. Kuyambira pamenepo ndinali ndi njira ziwiri, ndipo munthu akakhala pampando ndinkamufunsa ngati akufuna mzere kapena zozimirira, nanga zithere pati. Ambiri sankadziwa chimene akufuna. Ankangoti, "Inu ndinu mukudziwa, madala." Mawu amenewo amakoma kuwamva, koma amasenzetsa katundu.

Chaka cha ukwati wa Esinati

Azakhali anu a Namwale, achemwali anga aakulu, anakwatiwa ndi a Zimba, munthu wa kumpoto kwa Kasungu amene anadzamanga kwathu kwa Kaomba. A Zimba anali chimunthu: wamtali, wa mawu ogunda, mlimi amene fodya wake ankayamikidwa, komanso wotsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Ine ndi iwo tinkaseleulana monga alamu amachitira, ndipo akandiona patali ankayamba ndi kunyoza njinga yanga moni asanapereke.

Chaka chimenecho, akupachika fodya m'chigafa, mtanda wodyedwa ndi chiswe unathyoka n'kuwagwera pamutu. Anawatengera kuchipatala cha ku boma, kenako ku Lilongwe, kumene madokotala anatsegula mutu kuti achotse magazi amene anaundana mkati. Mulungu anachita chifundo, anabwerako amoyo, akuyenda okha, nzeru zili zonse. Koma anabwerako ndi chipsera chachikulu kumanzere, choyambira pamwamba pa mphumi, kukhotera cha kumbuyo, n'kutsikira kutsogolo kwa khutu. Tsaya la mbali imeneyo linagwa pang'ono. Kuyambira tsiku lomwe anafika anavala chipewa chaubweya n'kuchikokera mpaka m'makutu, ndipo sankachivula kaya kutenthe chotani. Galasi la kuchipinda analitembenuzira kukhoma. Kumunda ankapita mbandakucha anthu asanadzuke, kumsika anasiya, ndipo kutchalitchi sankapondako, chifukwa mwamuna salowa m'nyumba ya Mulungu atavala chipewa. Ndikawapempha kuti ndiwamete ankangoti, "Zikomo alamu, tsiku lina." Njinga yanga sanainyozenso.

Esinati, mwana wawo womaliza, anali ndi ukwati wokonzedwa kale kuti udzachitike fodya akagulitsidwa. Ine monga malume wake ndinali m'kati mwa zokambirana zonse. Tsiku litayandikira, a Zimba ananena kuti wodzalowetsa mwanayo m'tchalitchi ndi mng'ono wawo, iwo adzadikira kunyumba. Esinati sanalire, sanakanganenso. Anangoti ngati atate ake sakamugwira dzanja, ukwatiwo udikire mpaka adzathe kutero, kaya ndi chaka chamawa. Akuchimuna anali atakonza kale zonse, ndipo abale akutali anali m'njira. Lachitatu la sabata ya ukwati, achemwali anafika kushopu kwanga fumbi lili m'miyendo.

"Achimwene, avomera kuti muwamete. Zopita kutchalitchi sanavomere, akuti aone kaye. Mubwere mawa, koma mumve bwino, chipsera chija chibisike. Ndevu zikwere mpaka pamwamba, zichiphimbe. Akangochiona pagalasi, basi, ukwati kulibe."

Lachinayi m'mawa ndinamanga zida ndi makina a batire pa njinga n'kupita kwa Kaomba. Tinaika mpando kuseri kwa nyumba, komwe odutsa m'njira sakanationa. A Zimba anakhala, ndinawafunditsa nsalu, ndipo anavula okha chipewa maso ali pansi. Tsitsi linali litamera zigambazigamba, kwina loyera kwina lakuda, ndipo dazi lomwe anali nalo kale linali litakula. Tonse tinaona kuti kumutu palibe choti n'kusunga, ndipo achemwali anavomera kuti ndimete mpala. Ndevu zinali thengo, koma zinali zabwino, zodzadza, ndipo zinkabisa kugwa kwa tsaya kuja. Izo tinagwirizana kuti zikhale.

Mutu ndinaumeta mosamala, pafupi ndi chipsera ndikugwiritsa makina osati lezala. Ndevu zam'mbali ndinazisiya pamwamba, kupitirira ngakhale nsonga ya khutu, monga achemwali ananenera. Kenako ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Kumanja kunali bwino ndithu. Kumanzere n'komwe kunandidetsa nkhawa. Chipsera chinkatsika pakati penipeni pa ndevuzo mpaka polingana ndi bowo la khutu, ndipo pachipsera tsitsi silimera. Zomwe zinatsala zinali timizere tiwiri ta ndevu, kena uku kena uku, njira yoyera pakati. M'malo mobisa, timizereto tinkachita kuloza. Aliyense woyang'ana akanaona chipsera choyamba, kenako n'kuonanso kuti munthuyu wayesa kuchibisa ndipo zakanika. Ndinayesa kupesera ndevuzo cham'mbali kuti zigwirane. Zinagwirana kwa kanthawi, koma a Zimba atangomeza malovu zinapatukanso.

"Bwanji mwaima?" anafunsa achemwali.

"Sizikubisika, achemwali. Zikhala bwino nditatsitsa mpaka pamene chipsera chathera."

"Ndiye kuti chionekere chonse?"

"Chonse."

"Ayi. Zisiyeni momwemo. Bola kubisika pang'ono."

Ndinatembenukira kwa mwini mutu. "Alamu, nkhopeyi ndi yanu. Tengani galasi muone, munene nokha."

Anapukusa mutu. "Sindinadzione chichokereni ku Lilongwe, sindingayambe ntchito ili pakati. Inu mwaona mitu yambiri. Ukanakhala mutu wanu mukanatani?"

"Ndikanatsitsa."

Achemwali anasendera pafupi. "Achimwene, munthuyu ndamudwazika ine m'chipatala, ndikudziwa chimene angapirire. Mukamuika poyera n'kukana kutuluka Loweruka, Esinati mukamuuze ndinu, ndipo pakhomo pano musadzapondenso."

Sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake ndinadziwa kuti sakunena zocheza. Kenako a Zimba ananena motsitsa kuti, "Mutu ndi wanga, koma lero maso ndi anu, alamu. Chitani chimene mukuona."

Ana anga, pa zaka zanga zonse zometa sindinagwirepo makina olemera ngati tsiku limenelo. Malo amene tinkalimbanirana sanali otalika kuposa chala changa chachikulu, koma ndikanati ndachotsa, panalibe njira yobwezera Loweruka lisanafike. Ndikanasiya monga achemwali ankafunira, palibe akanandiimba mlandu ngakhale zikanakanika, ndikanangokhala kuti ndatsatira mawu. Ndinapita kukasamba m'manja pa ndowa, ngakhale manja anali oyera, kuti ndiganize. Anthu ambiri ndinali nditawathandiza kubisa, ndipo sindinkaona cholakwika pamenepo, bola chinthucho chibisikedi. Koma ichi sichinkabisika. Munthu akatuluka ndi chobisa chotere, tsiku lonse amakhala akuchilondera. A Zimba akanalowa m'tchalitchi dzanja lili kukhutu, akupendeketsa mutu kuti mbali ija iyang'ane kukhoma, ndipo ukwati wa mwana wawo sakanauona n'komwe. Ndinkafuna kuti ngati apita, apite opanda choti alondere. Koma zoti apitadi, sindinkadziwa.

Ndinabwerera n'kuyatsa makina. Atangoyamba kulira pafupi ndi khutu, achemwali anatembenuka n'kulowa m'khitchini, ndipo ndinamva mbale zikuikidwa pansi mwamphamvu. Ndinatsitsa pang'onopang'ono mpaka timizere tija tinachoka tonse, ndevu n'kuyambira pamene chipsera chathera. Sindinaike mzere wolunjika. Ndinazichepetsa zikukwera, kuti zikazimirire pa nsonga ya chipsera. Kumanja ndinatsitsa molinganiza, ndikuyeza ndi ngodya za maso awo. Patsaya logwa lija ndinasiya ndevu zochulukirako kuti mbali ziwiri zifanane.

Ndinawapukuta, kuwadzoza mafuta, n'kuwapatsa galasi. Analigoneka chafufumimba pamiyendo pawo n'kumayang'ana nkhuku zomwe zinkapalasa pafupi ndi nkhokwe. Ine ndinayamba kulongedza zida, kuti asamve ngati ndikuwadikira. Nditatembenuka ndinapeza alikweza. Anayang'ana kumanja, kenako anapotoza khosi kuyang'ana kumanzere, n'kuyendetsa chala pachipsera kuyambira pamphumi mpaka pakhutu.

"N'chomwechi basi?"

"N'chomwecho."

"Ndikachigwira ndinkayesa chafika kunkhongo." Anayang'ananso. "Nanga makutuwa mwawatani? Kale sanali aakulu chonchi."

"Amenewo munabadwa nawo, alamu. Ine ndangosesa pabwalo pake."

Milomo yawo inagwedezeka ngati afuna kuseka, koma sanaseke. Anandibwezera galasi, anatola chipewa chija n'kuchivalanso, kuchikokera m'makutu monga mwa masiku onse. Za Loweruka sananene kanthu. Achemwali sanatuluke kudzandiperekeza, ndipo ndinapalasa njinga kubwerera ku Mtunthama mtima uli m'malere. Lachisanu ndinameta anthu tsiku lonse, koma mutandifunsa kuti anali ndani sindingakumbuke.

Loweruka ndinalawirira kutchalitchi n'kuima pakhomo ndi akuluakulu ena kulandira alendo. Galimoto itafika anatuluka Esinati, ndipo pambuyo pake a Zimba, atavala suti yawo yakuda ndi chipewa chaubweya chomwe chija. Mng'ono wawo anali pambali, wokonzeka kulowa m'malo mwawo. Anayenda mpaka pamasitepe n'kuima. M'kati kwaya inali itayamba kale. Esinati anawayang'ana atate ake, dzanja atalitambasula pang'ono. A Zimba anavula chipewa, anachipinda, anapatsira akazi awo, n'kugwira dzanja la mwana wawo n'kulowa.

Anthu anayang'ana, sindinganame. Mitu inatembenuka benchi ndi benchi, ndipo ana ena analoza mpaka amayi awo kuwatsitsa manja. Koma kunali kuyang'ana kwa kamodzi. Munthu ankaona chipsera, kuzindikira kuti ndi chipsera, basi maso n'kupita pa diresi la mkwatibwi. Amayi ena a m'kwaya ataona mtsogoleri wawo, mawu anawathawa pakati pa nyimbo n'kuimba nthungululu m'malo mwake. Pofika pakati pa tchalitchi ndinamva mawu ogunda aja, olemera pang'ono kusiyana ndi kale, akulowa m'nyimbo kunsi kwa mawu a ena onse.

Kumadyerero achemwali anandipeza nditakhala pamthunzi ndi akuchimuna. Anandiikira mbale ya mpunga ndi nyama patsogolo, osandiyang'ana kumaso, n'kuima pang'ono akuyang'ana amuna awo amene ankapatsana moni ndi anthu mutu ukunyezimira padzuwa.

"Kumanjaku mwakweza pang'ono kuposa kumanzere," anatero.

Ndinayang'anitsitsa. Mbali zonse ziwiri zinali zofanana.

"Ndidzakonza, achemwali."

"Mubwere Lachinayi. Koma m'mawa, masana ali ndi ulendo wa kumsika."

Tsopano: kwa Kaomba

Shopu ndinaisiya maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo ine ndi amayi anu tinabwerera kumudzi kuno. Mpando ndi galasi lalikulu ndinapatsa ena, ndinangosunga makina amodzi ndi chipeso. Mutu umodzi wokha ndi womwe ndimametabe, pakhonde la kumaso, anthu akudutsa n'kumapereka moni. Ndevu zija tsopano zayera zonse, koma malire ake sanasunthe. Dzanja langa ndi lomwe layamba kuchedwa, ndipo mwini mutu sapirira. Sabata yatha, ndili pakati poyeza mbali ziwiri, anandigwira mkono nsalu idakali m'khosi.

"Fulumirani, alamu. Kwaya ikundidikira."